Kapinga wa a Mtonga ndi Chulu cha Anyazimba

Lolemba

Ntchito ndaipeza! Chichokeleni ku migodi ya ku Kopala, kumene tonse osamala mapaki anatichotsa tsiku limodzi, lelo ndi koyamba kudzuka ndili ndi kopita. Mlongo wanga, amene akundisunga, wandiwilitsila madzi osamba ndisanapemphe. Alamu andibweleka njinga. Ndikudziwa chifukwa chake: akufuna chipinda chimene ndikugonamo chibwelele kwa eni ake, matumba a chimanga.

Abwana anga atsopano ndi a Mtonga. Anali dilaiva wa malole opita kum'mwela, tsopano amanga lesitihausi kuno ku Lundazi, m'mbali mwa msewu wa ku Chipata. Zipinda zatha, penti akununkhabe. Kutsegulila ndi Loweluka lino. Chatsala ndi bwalo lakutsogolo, ndipo bwalolo alipeleka m'manja mwanga.

"Ndifuna kapinga ngati wa mahotela a ku Joni," atelo. "Munthu akatsika minibasi aziopa kupondapo."

Mawu amenewa andifika pamtima. Moyo wanga wonse ku Kopala ndinkasamala udzu woti anthu aziopa kupondapo. Akuti ndikakhoza, ntchito ikhala yokhazikika. Ikakhazikika ndikatenga amake ana, amene ndinawasiya kumeneko akugulitsa tinsomba ta kapenta pamsika.

Pulani ndaijambula kumbuyo kwa pepala la simenti:

– kapinga pakati, wosalala ngati tebulo
– kanjila ka njelwa kokhota pang'ono, kuyambila pageti mpaka pakhonde (njila yowongoka aliyense angaipange)
– maluwa a kana m'mbali mwa khoma, ofiila ndi achikasu
– boganivila pageti
– miyala yopaka laimu kuzungulila zonse

Vuto ndi limodzi lokha. Chulu. Chili pakati penipeni pa bwalo, chofiila, chachitali kundiposa, ndi kamtengo pamutu pake. Papepala sichinandivute, sindinachijambule basi.

Mawa tigumula. Lachitatu tikumba mpaka tipeze make chiswe, chifukwa ukamusiya pansi ana ake amangamanso. Lachinayi tisalaza ndi kubzala. Lachisanu kuthilila, kupaka miyala, kupuma.

Ndalemba anthu awili aganyu, Yotamu ndi msuweni wake. Mapewa awo ndi a ntchito. Ndakhoma zikhomo, ndakoka zingwe. Bwalo likakhala ndi zingwe limayamba kumvela.

Lachiwili

M'mawa zonse zikuyenda. Mapiki akulila, mbali imodzi ya chulu yagwa, dothi tikuliunjika pafupi ndi khonde. Yotamu akuimba.

Kenaka pageti palowa mayi wina. Wamtali, wowonda, jekete la chimuna pamwamba pa chitenje, ambulela m'khwapa. Sanagogode, sanafunse. Wadutsa pa zingwe zanga ngati ndi ulusi wa kangaude, wakwela chulu, wakhala pansi, watsegula ambulela.

"Monile adada."

Ndafuna kuyankha m'Chitumbuka cha amayi anga, koma pakamwa patuluka "mukwai". Zaka za ku Kopala zandidya lilime. Wandiyang'ana kuyambila kumutu mpaka kunsapato.

"Chiduli ichi ntchane."

Izi ndazimva popanda womasulila. Akuti chulu ndi chawo.

Dzina lawo ndi Anyazimba. Ndatembenuka kuti ndiuze anyamata apitilize, Yotamu kulibe! Ndampeza kuseli kwa thanki ya madzi, wanjuta, chipewa m'manja, nkhope ku thanki. Anakwatila mwana wa mng'ono wawo wa Anyazimba. Ndiye kuti ndi apongozi ake. Sangawayang'ane kumaso, nanji kukumba pansi pamene akhala!

"Adada, ndiuzeni ndikumbe chimbudzi, ndikumba," akuuza thanki. "Koma apo yayi."

Msuweni wake akuti iye si mkamwini wa munthu, koma sangagwile piki yekha pamene wamkulu wake wanjuta. Wanjutanso.

Ndafotokozela Anyazimba mwaulemu wonse: malo ndi a a Mtonga, pano pabwela kapinga, alendo, chitukuko. Ndawaonetsa pulani. Aigwila chadodolido, aiyang'ana nthawi yaitali, andibwezela.

"Inswa zili pafupi kutuluka," atelo. "Mvula ina ikagwa."

Afwenkha fodya. Nkhani yathela pomwepo.

Zomwe zachitika lelo:
– chulu chagumuka mbali imodzi
– aganyu awili akhala kuseli kwa thanki mpaka dzuwa kupendeka
– ine ndakhomanso zikhomo zimene amayiwa anazula ndi phazi

Madzulo atsika, apinda ambulela, anena "yewo" ngati ndawachitila chinthu chabwino, apita. Ndikanatha kugwila piki ndekha nthawi yomweyo. Msana wakana. Ndikuganiza kuti ndi msana.

Lachitatu

Ndalawilila kuti ndiwapambane. Ndawapeza ali pamwamba kale, akudya mbatata yozizila.

Ndapita kwa a Mtonga. Ali pakhonde, avala kale jekete la paulendo.

"Mapepala a malo ndili nawo," atelo. "Pa mapepalapo palibe chulu."

Ndangoti inde abwana. Pa langanso palibe.

Akuti nkhani za panja ndi dipatimenti yanga, iwo akuthamangila minibasi ya ku Chipata kukagula makatani. Abwela Lachisanu. Apeze pasalala.

Dipatimenti yanga! Mawu amenewa ndinawasowa. Koma lelo alowa m'khutu ngati mwala.

Ndabwelela kwa Anyazimba ndi tiyi m'kapu. Ndakhala patsinde pa chulu, iwo pamwamba, ngati mlandu. Tiyi alandila. Akuti shuga wachepa.

Nkhani yawo, monga ndaimva pakati pa Chitumbuka chawo ndi Chinyanja changa: atangokwatiwa, munda wa banja unali pano. Apongozi awo anawagwila dzanja, nawaimika pa chuluchi, nati ichi ndi chako, uzidyetsa ana. Boma litakula anabwela anthu ndi zingwe ndi zikhomo, munda unasanduka mapuloti. Amuna awo anamwalila. Tsopano akukhala kwa mbale kuseli kwa msika. Koma mvula yoyamba ikagwa amabwela, chaka ndi chaka. Ena akafuna kutchelapo amayamba apempha kwa iwo. Chaka cha chilala chija, akuti, inswa zouma za pano ndizo anasinthitsa ndi ufa.

"Anthu a zingwe ndikuwadziwa," atelo, maso ali pa zingwe zanga.

Ndayesa zimene ndingathe:
– Ndawalonjeza chulu china kumudzi kwathu ku Mwase. Akuti inswa za kumeneko n'zazing'ono, ndipo miyendo yawo si minibasi.
– Ndawapempha atchele msanga, lisanafike Loweluka. Akuti inswa sizidziwa Loweluka.
– Ndawauza kuti ndichotsedwa ntchito. Akuti pepani, ndipo andifunsa ngati m'kapu mungabwelenso tiyi wina.

Yotamu wavomela kugwila ntchito ina iliyonse, malinga msana wake uloze ku chulu. Ndiye tasalaza m'mbali monse, iye akuyenda chammbuyo ndi wilibala. Wagwela kawili m'ngalande.

Chodabwitsa: mbali imene tinagumula dzulo yatsekedwa kale ndi dothi lonyowa, latsopano. Chiswe chimenechi palibe wachilipila, palibe kapitawo. Ndaima pamenepo kanthawi ndithu. Ntchito yaukhondo.

Lachinayi

Chiswe chadya zikhomo! Kunja zikuoneka zabwinobwino, ukakhudza zikuphwanyika ngati bisiketi. Chalawanso mpini wa leki yanga, imene ndinachokela nayo ku Kopala.

Komabe tabzala. Kapinga tamutenga kudambo, wilibala pambuyo pa wilibala, tamuika mizele mizele kuzungulila chulu. Njelwa za kanjila tayala. Kanjilako kanayenela kukhota pang'ono, tsopano kakukhota kwambili, kakuthawa chulu. Kana wabzalidwa. Ukaima pageti n'kutseka diso limodzi ndi chala, ndi bwalo la hotela.

Anyazimba nawonso ali pa ntchito yawo. Apala pamene inswa zidzatulukile, akumba kadzenje, aikamo chitini, akhoma timitengo, afolela ndi udzu. Timitengoto ndi tanga, ndinadulila boganivila. Chitini ndi cha penti wa a Mtonga. Udzu ndi wotsala pofolela nsaka, kadenga kopumilamo alendo. Ndafunsa amene wawapatsa.

"Anyina nyumba," atelo. Amayi Mtonga!

Ndapita kukhitchini. Amayi Mtonga akupukuta mbale zatsopano, sakundiyang'ana. "Aja amandipatsa beseni lathunthu la inswa chaka chilichonse chigulileni malo ano," atelo. "Abambo amadya. Safunsa kumene zichokela."

Masana ndapalasa njinga mpaka kusitolo ya zaulimi. Ndagula mankhwala a chiswe, kachitini kojambulidwa chigaza. Sipafunika piki, sipafunika Yotamu. Kungosungunula m'ndowa, kuthila m'mauna Anyazimba atapita. Loweluka chulu chikhala mulu wa dothi wopanda mwini. Ku migodi ndinkachita zimenezi ndikuimba mluzu.

Apita dzuwa lili pamitengo. Ndatunga madzi. Ndakhala pa wilibala, kachitini m'manja.

Ndikuganiza za amake ana pamsika paja, ndi chipinda cha chimanga.

Ndikuganizanso za tsiku lija ku migodi. Anatiitanila mu holo. Kunabwela mnyamata wa shati yoyela, waulemu kwambili, ndi pepala lalikulu losonyeza mmene kampani idzakhalile ikagulitsidwa. Mabokosi, mizele, mivi. Ndinafunafuna bokosi la mapaki. Sanatide, sanatinyoze. Sanatijambule basi.

Ndiponso inswa zimenezi zidyedwa. Ana a kuseli kwa msika, a Mtonga, mwina ndi mlongo wanga. Ukathila lelo, zotsala zituluka ndi mankhwala m'mimba.

Kachitini ndakaika m'sitolo, pa shelefu ya pamwamba, kuseli kwa matini a penti. Madzi ndathilila kana.

Ndiganiza mawa.

Lachisanu

Mvula! Yayamba tisanamalize kupaka miyala. Yamphepo, yamabingu, ya madontho ngati mtedza. Tathawila pakhonde tonse, ine, msuweni wa Yotamu, Anyazimba. Yotamu wasankha kunyowa kuseli kwa thanki.

Ndaonelela ntchito yanga ikuyenda. Ndikunena zoona, ikuyenda:
– mulu wa dothi la chulu tinaunjika uja wasungunuka, walowa pakhonde, wafika pa chitseko cha chipinda choyamba
– kapinga wazuka mizele yathunthu, watuluka pageti, waloza ku Chipata
– laimu wasuluka, miyala yabwelela mtundu umene Mulungu anaipatsa
– njelwa za kanjila zamila

Chulu chili chilili. Kadenga ka Anyazimba sikanasunthe ngakhale udzu umodzi. Iwo akusekelela mvula ngati mlendo amene anamudikila kalekale.

Itakata tatola kapinga mumsewu. Anthu apanjinga akuima kufunsa ngati ndi ndiwo.

A Mtonga atsika minibasi ndi mtolo wa makatani pamutu. Aima pageti. Ayang'ana matope, ayang'ana chulu chovala udzu, ayang'ana ine.

"Mawa ndisaone chulu. Ndisaone amayi aja."

Kukhitchini kwamveka mawu a Amayi Mtonga: "Mukawathamangitsa, alendo anu muwaphikile nokha."

A Mtonga atula makatani. Ine ndikuyang'ana nsapato zanga. Ku Kopala ndinkadziwa feteleza wa udzu, kutalika kwa mpeni wa makina, nthawi yodulila maluwa a lozi. Palibe anandiphunzitsa poima pamene bwana ndi akazi ake akulankhulana kudzela pa khoma.

Ndiye ndanena chinthu chimene chinangobwela pakamwa. Abwana anati asachione. Sanati chisakhalepo. Tingachibise! Mphasa kuzungulila, zoimika ndi nsungwi, kutsogolo kwake maluwa a m'matini. Alendo aziyesa ndi pokongoletsa.

A Mtonga apuma mozama. "Mawa lokha. Lolemba ndibweletsa thalakitala."

Mphasa tabweleka kwa aneba. Anyazimba avomela kukhala mkati mwa mpandawo, malinga tiwasiyile kakhomo ndi tiyi.

Zoganiza zija sindinaganize. Kachitini kali pomwe kali.

Loweluka

M'mawa kwacha bwino. Takolopa khonde, tabwezela kapinga, tapakanso miyala, tafukula njelwa. Mpanda wa mphasa waima pakati ngati bafa la pamudzi, koma ndi maluwa kutsogolo ukuoneka ngati bafa la munthu wolemela. Kwatentha, mphepo palibe, nthaka ikufuka nthunzi.

Alendo afika. Abusa, amalonda a fodya, akuluakulu ena a pa boma ndi akazi awo, onse pa mabenchi obweleka. Wailesi ya kaseti ikuimba. Mayi wina wovala nsapato zazitali wafika m'mphepete mwa kapinga, waima, wazungulila. Waopa kupondapo! Ndinafuna kumugwila chanza.

Abusa apemphela. A Mtonga aimilila ndi pepala, ayamba kufotokoza za maulendo awo a kum'mwela ndi mahotela amene anaona.

Kuseli kwa mphasa kwauluka kanthu kamodzi. Kenaka kena.

Kenaka utsi wa mapiko. Osati pa chulu pokha! Pakati pa kapinga, m'mbali mwa njelwa, pansi pa mabenchi, timauna tatseguka paliponse. Sabata yonse ndakhala ndikulimbana ndi mutu wa chinthu, thupi lake lili pansi pa bwalo lonse.

Oyamba ndi ana a aneba, pamwamba pa mpanda. Kenaka amayi awo ndi mabeseni. Nkhuku. Amayi Mtonga atuluka ndi sefuliya yatsopano. Akazi a alendo apilila pang'ono, manja pamiyendo, mpaka mmodzi wavula duku. Basi. Mayi wa nsapato zazitali uja wazivula, ali pakati pa kapinga ndi mapazi. Abusa agwila chipewa chagada, akuti akungothandiza.

Mphasa zagwa. Anyazimba aonekela pamwamba pa chulu, ambulela m'mwamba, akukalipa kuti za pansi nazonso ndi zawo, aliyense atule gawo. Ndipo anthu akutula! Yotamu akutola chammbuyo.

A Mtonga apitiliza kuwelenga mpaka inswa inatela papepala. Aiyang'ana. Apinda pepala.

Pamene ndimati zatha, kwamveka hutala. Mnzawo wa a Mtonga wa pamsewu wabwela kudzawayamikila, ndi lole yake yonse. Msewu uli matope, poimika palibe. Walowa pageti, wapondeleza boganivila, waima bwinobwino pa kanjila kanga ka njelwa. Watsika akuseka: "Apa ndiye pabwino, mwatiganizila ife a malole!"

Kapinga kulibe. Pali phala lofiila ndi mapiko.

A Mtonga andidutsa osaima. "Mubwele mawa tikatuluka m'chalichi."

Amayi Mtonga akazinga zina pomwepo, andipatsa m'kambale. Ndinafuna kukana. Ndadya nditaimilila kuseli kwa thanki. Zamafuta, zamchele pang'ono. Zokoma, mwatsoka.

Lamulungu

Mu chalichi sindinamve ulaliki. Ndimakonza mawu otsanzikila, aulemu, osapempha.

Ndawapeza a Mtonga pakhonde, avala patapata, akutokosa m'mano. Pabwalo pali malole awili tsopano. Wachiwili anaona woyamba, nayenso analowa. Madilaiva agona m'zipinda, adya, alonjeza kuuza anzawo.

"Za kapinga tiiwale," atelo. "Alendo anga ndi awa. Muthile miyala ya gelevulo ponseponse, malole aziima."

Ndafunsa za thalakitala.

Ayang'ana chulu nthawi yaitali. Matayala a dzulo asiya mkombelo mozungulila, pamene lole inatembenukila.

"Chikhale. Malole azizungulila pamenepo potuluka. Laundabauti. Muikonze ioneke ngati tinachita dala."

Ndiye ntchito ilipo. Si ya kapinga. Ndine wosesa gelevulo, wotola zitini za oilo, woyang'anila chulu. Akuti tiyese mwezi umodzi tione. Ndati yewo abwana. Lilime layamba kubwelela.

Ndakhala pa njelwa yosweka kuganiza. Udzu umene ndinausamala ku migodi, kaya ndani akuutchetcha tsopano. Mwina mbuzi. Mwina anthu analimapo chimanga, ndipo mwina akhoza. Ndinkayesa kuti bwalo limakhala la amene walijambula. Koma wojambula amabwela mochedwa nthawi zonse, amapeza ena alipo kale, pamwamba ndi pansi.

Kana yekha ndiye wapulumuka, m'mbali mwa khoma. Duwa lopanda ulemu limenelo, limamela ngakhale pa dzala. Ndilizula ndilibzale kuzungulila laundabauti. Utsi wa dizilo silidzaumva.

Anyazimba abwela masana kudzatenga chitini chawo, cha a Mtonga chija. Ndawauza kuti chulu chikhala. Sanadabwe, sanathokoze. Apeleka malamulo:
– laimu asakhudze dothi la chulu
– maluwa akhale patali, mizu isalowe m'nyumba za eni ake
– kamtengo ka pamutu kasadulidwe
– madilaiva asakodzelepo

Ndalemba zonse.

Chatsala chimodzi. Kuti mkombelo ukhale woona, chingwe chiyenela kumangidwa pakati penipeni, ndiye uzungulile nacho. Pakati penipeni ndi pamutu pa chulu. Ndavula chipewa, ndapempha chilolezo chokwelapo.

Akuti aganizapo.